Ulendo wa ku Domwe ndi mwala wa malume

Lolemba, Tete

Mwala uja watha abale. Ndakautenga masanawa kwa mmisiri, wakuda bii zilembo zoyera, koma kulemera kwake eeh, anyamata a chopela, tinjinga tamoto ta matayala atatu tija, angouyang'ana n'kupukusa mitu mpaka ndachita kupempha kapikapu ka neba wanga kuno ku Matundo. Loweruka likubwerali tikukavundukula chiliza cha malume ku Domwe, chaka chakwana chitisiyireni. Asuweni anga, mwana wawo wachiwiri amene amakhala ku Beira, afika usiku wathawu nde tagwirizana kuti tisangolunjika kumudzi ayi, tiyambe tazungulira mmalo momwe mkuluyu anagwirako ntchito muno mu Tete momwemuno. Ku Germany ndi ku Durban sitingafikeko, ndalama zake tizitenga kuti.

Kwa amene simunawadziwe, malume anali mlongo wawo wa mayi anga, mwini mbumba wathu, anabadwa 1956 mmunsi mwa phiri la Domwe ku Angónia. Munthu wamfupi, woonda, miyendo ngati minsi iwiri. Anayenda munthuyu, Songo, Moatize, Germany ya kummawa ija isanaphatikizane ndi inzake, Harare, Johannesburg, Durban, Lubumbashi, Dar es Salaam, ndipo paliponse pomwe anagonapo mmamawa wake anathamangapo. Chikho sanabwere nachopo pakhomo ngakhale chimodzi. Kungoti tambala akalira kachiwiri iwo avala sapatilya atuluka, kaya kuli mvula kaya pamudzi pali maliro, ndipo apa pa maliropa nde ankakangana ndi anthu kwambiri, amati munthu wamkulu sungamadumphedumphe mumsewu anzako akulira.

Madzulo ano tinayenda wapansi pa mlatho wa Samora Machel, ine ndi asuweni, kuchoka ku Matundo kupita ku tauni. Mlathowu unatha 1973 nthawi ya Apwitikizi, usanamangidwe anthu ankaoloka Zambezi pa pantoni. Ndi wolendewera pa zingwe zachitsulo nde basi ikamadutsa umamva kunjenjemera kumapaziku. Masiku ano mathiraki olemera amadzera pa mlatho watsopano wa Kassuende umene unatsegulidwa 2014, koma cha mma 2010 pomwe ankakonza wakalewu mzere wa mathiraki unkafika kutali zedi, madalaivala kugona pamzere masiku. Ena ankathera nthawiyo mma baraka, timabala ta mmbali mwa msewu, mukudziwa kale zimene zimachitika mma baraka a pamzere wa mathiraki. Malume ankasiyira thiraki ajudanti wawo, kuoloka mlatho chothamanga, kudzandigogodera 5 koloko isanakwane kuti dzuka mphwanga tikaone mtsinje. Ine ndinkabisala mu bulangete. Iwo ankaseka, kumwa madzi, kusiya kandalama pa tebulo koti ndigulire ana pawu (buledi), n'kubwerera.

Mawa Songo. Mwala utsala kaye pano, asuweni aufunditsa kapulana akuti usaonedwe ndi anthu tsiku lisanafike.

Lachiwiri, Songo

Tinanyamuka kusanache ndi shapa, minibasi ya kuno. Msewu wake ndi wopita ku Changara uja, nde pa Matambo mumapatuka kumanja. Dziko louma ili, milambe yokhayokha ndi mbuzi, ndipo pano ndi nyengo ya masau nde paliponse shapa ikaima amayi akuthamangira mawindo ndi mabeseni. Asuweni agula masau ambiri zedi akuti ku Beira amadula. Kuno anthu amayankhula Chinyungwe, timamvana ndithu bola asathamangitse mawu.

Chakumwera kwa Tete konkuno ndi komwe kuli Wiriyamu, kumene asilikali a Chipwitikizi anapha anthu pafupifupi 400 pa 16 December 1972. Malume anadzera dera lino chaka chotsatiracho ali ndi zaka 17, pa lole yodzadza anyamata a ku Angónia opita kukamanga damu la Cahora Bassa, kutsogolo asilikali kumbuyo asilikali. Ankatiuza kuti palibe amene ankayankhula mu lolemo. Ndinawakumbutsa asuweni zimenezi, anangoti mmm, n'kupitiriza kulavula nthanga za masau pawindo.

Mukadutsa Chitima msewu umayamba kukwera mokhotakhota, makutu kutseka, kenako mwadzidzidzi mwafika tauni yobiriwira ya kamphepo kayeziyezi, misewu ya phula yosesa bwino, simungakhulupirire kuti mukadali mu Tete. Tinakapeza madala ena amene anagwira nawo ntchito malume, kwawo ndi ku Furancungo koma anakwatira konkuno sanabwererenso. Maso anachita khungu koma mutu uli bwinobwino. Atamva kuti ndife ndani anagwira dzanja la asuweni nthawi yaitali osalisiya, amvekere ana anga, kamnyamata kaja kanali kamisala.

Nkhani yake akuti ili chonchi. Malume analembedwa ngati wonyamula katundu, koma kapitawo wina anaona kuti akawatuma kukasiya mapepala kuchokera ku maofesi kumtunda kuno kupita kuchigwa komwe ankamanga khomalo, amabwerako lole isananyamuke n'komwe. Anzawo ankadikira lole, iwo ankangoutsika mtsetse chothamanga, opanda nsapato. Nde anawasandutsa mesenjala. Injiniya wina wachizungu anawapatsa sapatilya zake zakutha, zazikulu, iwo n'kumaikamo mapepala a matumba a simenti kuti zikwane. Zimenezo nde nsapato zawo zoyamba zothamangira. Koma Songo nthawi imeneyo inali yozunguliridwa ndi waya waminga ndi mabomba okwirira chifukwa Frelimo sinkafuna damuli, nde tsiku lina mmamawa msilikali wa pa geti anaona mthunzi ukuthamanga mmbali mwa waya, anakoka mfuti. Chinawapulumutsa ndi chakuti mnzake wa msilikaliyo anazindikira nsapato zija. Madala aja akufotokoza akuseka mpaka kutsokomola, ife kuseka kwake kochita kukakamiza.

Masana tinapita kukaona damulo. Khoma lake ndi lotalika mamita 171, lopanikizika pakati pa mapiri awiri, kumbuyo kwake madzi osaoneka polekezera. Anayamba kumanga 1969, madzi anayamba kudzadza kumapeto kwa 1974, ndipo magetsi ambiri amayenda pa nthambo makilomita pafupifupi 1,400 kukafika kufupi ndi Johannesburg. Apwitikizi anakhala aligwirabe damuli ngakhale titalandira ufulu mu 1975, linabwera mmanja mwa Mozambique pa 27 November 2007. Ndinaima pamenepo ndikuganiza kuti nyumba ya munthu amene anathamanga ndi mapepala a damu limeneli timayatsa kasola kamodzi kochajira foni mpaka lero. Sindikudandaula ayi ndikungonena.

Tadya nsomba ya pende yowotcha ndi nsima, asuweni agulanso nsomba zouma za chikowa zoti tikapereke kwa ophika Loweruka. Chikwama chawo chayamba kununkha kale.

Lachitatu, Moatize

Tabwerera ku Tete mmawa, takweza mwala, tafika Moatize dzuwa likuswa mtengo. Ndi makilomita 20 okha koma fumbi lake ndi lina, lakuda, ukapukuta pamphuno mpango umasintha mtundu.

Damu litatha malume anabwera kuno mu 1976 kudzalowa mgodi wa malasha, migodi ya pansi ija ya Chipanga, osati maenje akuluakulu a masiku anowa. Mu 1977 mgodi umodzi unaphulika anthu ambiri n'kufera pansi. Iwo tsikulo anali a shifiti ina. Nkhani imeneyi sankaikonda, ukaiyamba ankadzuka kukaona nkhuku. Pambuyo pake kunabwera akatswiri a ku Germany ya kummawa kudzathandiza kampani ya boma ya Carbomoc, ndipo mu 1979 maboma awiriwa anasainirana pangano lotumiza achinyamata a kuno kukagwira ntchito mmafakitale a kumeneko. Anapita anthu pafupifupi 20,000 mzaka zonsezo. Malume anakwera ndege 1981, atakwatira kale, kusiya mwana mmodzi pamsana wina mmimba.

Tagona kwa mnzawo amene anali naye chipinda chimodzi ku Suhl, tauni ya mmapiri kumene ankapanga njinga zamoto za Simson. Bambowa ndi oseketsa koopsa, mpaka lero akafuna kukalipira adzukulu amakalipa mu Chijeremani. Anatulutsa chikatoni cha zithunzi, anyamata a tsitsi la afro atavala majekete achikopa, kumbuyo kuli sinowo yoyera mbee. Pachithunzi china malume ali mu kabudula pakati pa sinowo yomweyo atavala masokosi mmanja. Akuti chaka choyamba analibe magolovesi, nde ankavala masokosi, azungu a mmidzi yozungulira ankatsegula makatani kuonerera munthu wakuda akukwera phiri mdima usanathe. Kenako akuluakulu ena a pa fakitale amene ankathamanganso anayamba kuwadikira pa mphambano kuti azipitira limodzi, nde iwowo ndi amene anawalembetsa mpikisano wa Rennsteig, umene umachitika mwezi wa May mu nkhalango ya Thuringia kuyambira 1973. Anathamanga wa makilomita opitirira 40, mitunda yokhayokha. Chimene ankakamba kwambiri za mpikisanowu si nthawi imene anamalizira ayi, koma kuti mmalo omwera madzi azungu aja amapereka phala la oats mmakapu. Amvekere mphwanga, ndinazindikira kuti anthu awa ndi anthu ndithu nditaona akumwa phala. Satifiketi yake ilipobe kumudzi, njenjete zinadya ngodya imodzi.

Kenako bambo aja anasiya kuseka n'kutiuza chimene ngakhale asuweni anali asanamvepo. Khoma la Berlin litagwa mu November 1989 zinthu zinatembenuka, mafakitale kuyamba kutseka, anyamata ometa mipala kuyamba kusaka alendo mmisewu ndi mmasitima. Tsiku lina malume anabwera ku hositelo magazi ali pamphumi, anawagenda ndi botolo ali kothamanga. Kuchokera tsikulo mpaka kukwera ndege mu 1990 sanatulukenso mmamawa, ankangokwera ndi kutsika masitepe a hositelo, pansi mpaka pamwamba, kubwereza mpaka thukuta, anzawo kumawatukwana kuti tikufuna kugona. Moyo wawo wonse nthawi yokhayo nde anasiya msewu.

Za ndalama nde musayambe n'komwe. Gawo la malipiro awo linkadulidwa konko, nthawi ina mpaka 60 peresenti, ati mudzalandira mukadzafika kwanu. Atafika zimene analandira ndi zochititsa manyazi. Anzawo aja amatchedwa Madjermane, mpaka pano amaguba Lachitatu ku Maputo kufuna ndalama zawo, tsitsi laimvi mbuu. Bambowa akuti anakagubako, malume anakana, amati ndili ndi ana oti ndiwasake kaye. Chifukwa pomwe ankatsika ndege ku Maputo ndi firiji yawo ndi wailesi yamakaseti, kumudzi kunalibe munthu, ndipo msewu wopita kumpoto unali wosayendeka ndi nkhondo. Firiji ija anagulitsa konko.

Lachinayi, pa msewu wa ku Ulongwe

Lero nde tavutika. Kobradori (kondakitala) woyamba anangoukweza mbali imodzi mwalawo n'kunena kuti ulipire ngati anthu atatu. Wachiwiri anavomera, tinauika pansi pa mpando wakumbuyo, koma mayi ena atafunsa kuti mu kapulanamo muli chani asuweni osaganiza n'kuyankha kuti chiliza, eeh shapa yonse phokoso, ena akuti tsitsani ena akuti si maliro awa ndi mwala chabe, bambo wina wa chipewa amvekere ine ndakwerapo ndi bokosi lenileni sindinafe. Motorista anathetsa mlandu pokweza wailesi.

Tinadutsa njira yopatukira ku Cateme, kumene anasamutsira mabanja mazanamazana cha mma 2009 ndi 2010 kuti pakhale mgodi watsopano. Sitima ya malasha inatidutsa, mabogi osatha kuwerenga. Pa Mussacama tinasiya msewu wa ku Zóbuè n'kukhotera kumanzere, apa nde mtima wanga umayamba kukhala pansi nthawi zonse chifukwa milambe imatha, dothi limafiira, mumayamba kuona minda ya mbatatesi ndi kabichi mmadimba, njinga zonyamula matumba atatu atatu, ndipo aliyense wokwera panjira akuyankhula Chichewa chathu chomwechi. Mphepo nayo inayamba kulowa pawindo. Asuweni anazolowera kutentha kwa ku Beira nde pofika pa Ulongwe anali atadzikulunga makapulana awiri, anatsala pang'ono kuvula ya pamwala ija.

Tayala linaphulika kamodzi, mwala uli bwino. Tagona pa Ulongwe kwa achibale, kukuzizira koopsa, zala zikukanika kutaipa.

Lachisanu, Domwe

Tafika kumudzi mmawa pa kalole ka mbatatesi kobwerera kopanda katundu. Phiri lija lili pompo, mutu uli mu nkhungu. Pakhomo pali kale chipwirikiti, amayi akusinja, ena akuphika thobwa mmigolo, anyamata akumaliza pulasitala kumanda, mbuzi ziwiri zamangidwa pa mtengo wa pichesi zikudya ngati sizikudziwa kanthu.

Usiku uno ndinakhala ndi azakhali, akazi awo a malume, kukhitchini akusenda nyemba, ndikuwafotokozera zonse tamva ku Songo ndi ku Moatize, za nsapato, za masokosi, za phala. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anati mwananga, amalume akowo ankathamanga atadya buledi ndi soseji, ine ndinathamanga ndi ana atatu ndi poto mmodzi ndipo palibe anandipatsa satifiketi. Anaseka okha, kenako anayamba kufotokoza, ine kungokhala duu.

Malume anabwera ku tchuthi 1985, nkhondo itayandikira kale. Chaka chomwecho pa 30 October ansembe awiri achiJezuiti, bambo João de Deus Kamtedza ndi bambo Sílvio Moreira, anatengedwa usiku ku Chapotera kufupi ndi mishoni ya Lifidzi n'kuphedwa, ndipo Lifidzi ndi kumene malume anaphunzira, ankapita ndi kubwera chothamanga ali mwana. Azakhali akuti anthu atamva kuti ngakhale ansembe akuphedwa anadziwa kuti palibenso wotsala. Malume anali atabwerera kale ku Germany, kontalakiti inali isanathe, anasiyanso mimba. Chakumapeto kwa 1986 mfuti zinalira mbali zonse, midzi kupsa, nde usiku wina azakhali anabereka khanda kumbuyo, kugwira asuweni angawa dzanja ali ndi zaka zisanu, wamkulu kumusenzetsa kamtolo, kulowa tchire kulunjika ku Dedza. Osadzera mumsewu, osayatsa moto, khanda likafuna kulira kulitseka ndi bere. Asuweni akuti chimene amakumbukira ndi minga basi ndi kuti mayi awo anawatsina atafunsa kuti tifika liti.

Ku Dedza anawasunga anthu a mtundu wathu womwewu, malire aja anangodula pakati pa abale. Malawi nthawi imeneyo inalandira othawa nkhondo opitirira 1 miliyoni. Ankalandira ufa ndi nandolo ndi timafuta, zosakwana, nde azakhali ankagwira ganyu mminda ya eni dziko ndi kukatola nkhuni mozemba. Khanda lija linamwalira ndi chikuku lisanakwane zaka ziwiri. Bambo ake sanalione n'kamodzi komwe, uthenga unawapeza ku Suhl patatha miyezi, pa kalata yodzera kwa ansembe. Manda ake ali tsidya ilo, ku Malawi, opanda mwala.

Ine malume ndinkawakonda ndipo ndimawakondabe, sukulu yanga analipira ndi iwo, pa ukwati wanga ankhoswe anali iwo. Koma sabata yonseyi ndakhala ndikuyenda kufunsa amuna za mwamuna mnzawo, aliyense akundiuza za mapiri amene anakwera, pomwe amene anayenda ulendo woopsa kuposa onsewo akhala akusenda nyemba panopa. Tikamati malume anali munthu wosamala banja tizinenanso kuti banjalo analipeza lilipo chifukwa cha ndani. Iwo eni ake ankadziwa. Anawapeza ku Dedza kumayambiriro kwa 1991 atazungulira kudzera ku Zimbabwe, ndipo azakhali akuti atafika sanayankhule, anangotenga khasu n'kupita nawo ku ganyu mawa lake, munthu wochokera ku Ulaya ndi jekete lake lachikopa. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992 anadikira kaye chaka, n'kubwerera kudzamanga pa bwinja.

Kenako njala ya ndalama inawatulutsanso, uthiraki tsopano, Beira, Harare, Joni, Durban, kubwera pakhomo kamodzi pamwezi. Koma apa azakhali akuwaikira kumbuyo, akuti sanabwerepo chimanjamanja ndipo sanamvepo mbiri ya mkazi wina mnjira monse muja, akuti mwina mphamvu zonse zinkathera kothamanga komweko kkkk. Atasiya thiraki mu 2011 anakhala pansi zenizeni, kulima mbatatesi, kutunga madzi pa njinga, ngakhale kubereka adzukulu kumbuyo ndi kapulana amuna anzawo akuwaseka pa bawo.

Kutsidya kwa dambo kukumveka ng'oma za gule, ife kuno kwaya ikuyeserera nyimbo za mawa. Tulo palibe lero.

Loweruka, Domwe

Zatheka. Anthu anabwera ambiri kuposa mmene timaganizira, ena ochokera ku Dedza ndi ku Lizulu, madalaivala awiri opuma ntchito anachokera ku Zóbuè, a mfumu analipo, akatekisi anatsogolera mapemphero. Nsalu anavundukula ndi azakhali pamodzi ndi mayi anga. Mwala unakhala bwino, sunakhote, mmisiri wa pamudzi pano ndi katswiri ngakhale anayamba kumwa kusanache.

Achimwene aakulu, mwana woyamba wa malume, anayankhula mawu amene ena sanawakonde. Anati ine bambo anga ndinawadziwa ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, anabwera mlendo wovala jekete n'kundiuza kuti ndine bambo ako, ndipo zinanditengera nthawi kuti ndiwakhululukire. Kenako anafotokoza za Comrades. Mu 1998 malume ali ndi zaka 42 anathamanga mpikisano umenewu, kuchokera ku Durban kukwera mpaka ku Pietermaritzburg, makilomita pafupifupi 90, nthawi imeneyo ukapitirira maola 11 amakutsekera mzere ulibe mendulo. Anachita kulowa kalabu ya mnzawo ku Johannesburg kuti aloledwe, ndipo bwana wawo anawadula malipiro chifukwa thiraki inagona pa doko. Pa chitunda chomaliza chotchedwa Polly Shortts miyendo inakana anayamba kuyenda, koma anamaliza nthawi isanathe. Atafika kuno mendulo ija sanaipachike pakhoma, anampatsa mwana wawoyu amene nthawi imeneyo sankawayankhula bwinobwino. Achimwene anaitulutsa mthumba la jekete kuonetsa anthu, mawu n'kuwathera. Amayi kumbuyo anayambitsa nyimbo kuti awapulumutse.

Tisanadye kunali mpikisano wa ana, maganizo a aphunzitsi a pa sukulu yapafupi. Njira yake yomwe ija ya malume ya masiku awo omaliza maondo atayamba kuvuta, kuchoka pa mtengo wa pichesi, kutsikira ku kamlatho, kuzungulira sukulu n'kubwerera. Ana osavala nsapato, fumbi koboo, agalu nawo kulowerera. Atsikana anali ambiri kuposa anyamata ndipo izi ndi ntchito ya malume. Lurdes Mutola atapambana golide pa mamita 800 ku Sydney mu 2000 iwo anamvera pa wailesi ali pa boda, ndipo kuyambira pamenepo kholo lililonse loletsa mwana wamkazi kuthamanga ati adzakhala chumba kapena ati kabudula ndi chipongwe, ankalifunsa kuti golide woyamba wa dziko lino pa Olimpiki anabwera naye ndani, mwamuna? Anapambana lero ndi mdzukulu wawo wa zaka 13, amene ankapita nawo mmamawa mpaka sabata imene anagwa ndi sitiroko. Mphoto zinali makope, mapensulo ndi shuga, wopereka azakhali. Sapatilya zomaliza za malume anapatsa mtsikana yemweyo, ndi zazikulu koma akula nazo.

Inenso anandikakamiza kuthamanga ndi akuluakulu anzanga. Za zimenezo tisakambe, pali kale vidiyo ikuzungulira pa WhatsApp ya banja.

Madzulo akuluakulu anakhala pansi za umwini mbumba, wagwera malume aang'ono a ku Tsangano. Panalibe mkangano, kupatula za ngongole ya simenti imene tagawana anthu anayi.

Lamulungu, Ulongwe

Nkhani yabwera mosayembekezera. Usiku asuweni anafunsa mayi awo kuti kodi inu kutali kwambiri kumene munafikako ndi kuti, azakhali amvekere Dedza wapansi ndi Tete kuchipatala. Nyanja yamchere imene amuna awo ankaikamba zaka zonsezi, ya ku Beira, ya ku Durban, ya ku Dar es Salaam, sanaionepo. Asuweni anangoti longedzani. Anakanakana kaye, ati nkhuku, ati mbatatesi zosakumba, ati anthu adzati chani chiliza changovundukulidwa dzulo, mayi anga n'kuwauza kuti alamu pitani nkhuku ndiziona ine, ndipo za manda a khanda lija ku Dedza tamvana kuti chaka chamawa tikakolola tikaikeko mwala, achimwene aakulu atsogolera.

Nde pano tili pa paraje pa Ulongwe anthu atatu, tikudikira shapa idzadze. Azakhali avala chitenje chatsopano ndi juzi ya malume, atenga thumba la mbatatesi, nyemba, ndi nkhuku imodzi yamoyo yoti akapatse apongozi ku Beira. Akana kukhala kumbuyo, auza motorista kuti iwo akufuna kutsogolo pawindo aziona njira, mnyamata amene anakhalapo kale watsika yekha osatsutsa. Lero tigona kwanga ku Matundo, mawa iwo awiri akwera basi ya mmamawa kudzera Changara, Guro, Catandica, Chimoio mpaka Beira, makilomita pafupifupi 600. Afunsa kale kawiri ngati mu basimo muli chimbudzi komanso ngati nkhuku imalipira.